Liwu limene linakwezetsa amalume minibasi

Ndili Fomu 2, pa sukulu ina ya mishoni yogonera komweko, mphunzitsi wa kalasi yathu analemba mawu atatu okha pansi pa lipoti langa la teremu yachiwiri: "Bright but withdrawn." Lipotilo linanditsatira kumudzi mu envelopu yomata, patadutsa sabata ziwiri chitsekereni sukulu. Amayi anga sawerenga Chingerezi, choncho analitengera kwa amalume, omwe ndi eni mbumba komanso ndiwo ankandilipirira fizi. Amalumewo anagwirapo ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi, ndipo kwathu akawerenga kalata iwo, nkhani imathera pomwepo. Palibe amene amakafunsanso kwina.

Anayang'ana magiredi n'kugwedeza mutu mokhutira. Atafika pa mawu a m'munsiwo anavula magalasi. Liwu loti withdrawn ankalidziwa, kapena ndinene kuti ankaganiza kuti akulidziwa. Zaka ziwiri m'mbuyomo mwana wawo wachisamba anabwera ndi kalata yochokera ku koleji ina, ndipo liwu lomweli linali m'menemo: anali atachotsedwa chifukwa cholephera mayeso. Ndiye kwa amalume, aphunzitsi anga ankatanthauza kuti mwanayu ndi wanzeru ndithu, koma tamuchotsa sukulu. Mtsikana wokhoza bwino akachotsedwa pa sukulu ya mishoni, inu mukudziwa funso limene limabwera koyamba. Amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa funsolo, maso ali pamimba panga. Ndinali ndi zaka 15.

Kutacha amalume anakwera minibasi kupita kusukuluko. Anapeza a hedi ali mu ofesi ngakhale inali holide, ndipo a hediwo anawayankha kuti: "Ayi bambo, mwana wanu sitinamuchotse. Aphunzitsi ake akungonena kuti amakonda kukhala yekha, salankhula ndi anzake." Amalume anabwerako madzulo, manyazi ali kumaso, buledi ali m'manja. Ndalama imene anayendera inali ya sopo ndi shuga wanga wa teremu yachitatu.

Nkhaniyi kwathu pano timaiseka. Ine ndinasiya kuiseka nditayamba maphunziro a zauphunzitsi, chifukwa ndinazindikira kuti posachedwapa amene adzakhale akulemba malipoti otere ndife, ndipo amene adzakhale akuphunzitsa mawu ngati limeneli ndifenso. Maganizo anga ndi akuti kaphunzitsidwe kathu ka mawu a Chingerezi, koika liwu limodzi kumanzere ndi tanthauzo limodzi kumanja, kakuvulaza ana ndi makolo awo, ndipo mneni uyu wa withdraw akuonetsa vutoli poyera kuposa mawu ena onse amene ndikuwadziwa.

Holide yapitayi ndinkaphunzitsa ana asanu ndi anayi a Fomu 2 pakhonde la kwathu. Ndinalemba withdraw pa kabolodi n'kuwafunsa tanthauzo lake. Onse, osatsala ndi mmodzi yemwe, anati kutapa ndalama. Sanalakwe. Ndi mmene liwuli analipezera: pa Mpamba, pa Airtel Money, pa makina a ATM, pa zikwangwani za maejenti pa msika. Koma nditawapatsa chiganizo chonena za asilikali amene anachita withdraw mumzinda wina, mnyamata mmodzi anafunsa ngati asilikaliwo anathyola banki. Anzake anaseka, koma atafunsidwa iwo analibenso yankho lina.

Liwuli lili ndi zigawo ziwiri, ndipo zonse ziwiri zimanyenga. Mwana wa pulayimale amadziwa draw ngati kujambula, ndipo amadziwa with ngati "pamodzi ndi". Akaziphatikiza akhoza kuganiza kuti withdraw ndi kujambulira limodzi. Chikhalirecho tanthauzo lakale la draw ndi kukoka. Umboni uli m'nyumba mwathu momwe: kabokosi ka patebulo kamene timakatcha dirowa kanatenga dzina chifukwa choti timachita kukakoka. Ngakhale kujambulako kunachokera pa kukoka pensulo papepala. Nayenso with m'Chingerezi chakalekale sankatanthauza "pamodzi ndi". Ankatanthauza kutsutsana ndi chinthu kapena kubwerera kuchoka pa icho, ndipo tanthauzo limenelo linatsalira m'mawu ochepa chabe, monga withstand, kulimbana ndi chinthu osagwa, withhold, kugwira chinthu osachipereka, ndi withdraw yemweyu. Choncho phata la liwuli ndi kukokera m'mbuyo, kuchotsa chinthu pamene chinali. Eni chiyankhulochi ali ndi chipinda chimene amachitcha drawing room, ndipo simujambulidwa kanthu m'menemo. Dzinalo linafupikitsidwa kuchokera ku withdrawing room, chipinda chimene anthu a m'nyumba zikuluzikulu za ku England ankapatukirako akatha kudya.

Kufotokoza zimenezi kwa ana anga a pakhonde kunanditengera mphindi zosakwana khumi. Nditatero, ndinawapatsa mafunso atatu oti azidzifunsa akakumana ndi liwuli: akukoka ndani, akukoka chiyani, akuchichotsa pati? Pa ndalama, iwe ukukoka ndalama zako kuzichotsa mu akaunti. Pa nkhondo, boma likukoka asilikali ake kuwachotsa m'dziko la eni, monga mmene dziko la America linachitira ku Afghanistan, pamene ndege yomaliza ya asilikali ake inanyamuka ku Kabul pa 30 Ogasiti 2021 patatha zaka pafupifupi 20. Ku Nyumba ya Malamulo, kumene zokambirana zimachitika m'Chingerezi, Sipikala akamauza phungu kuti achite withdraw, ndiye kuti phunguyo akoke mawu amene watulutsa, kapena m'chiyankhulo chathu, abweze mawu. Pa chisankho, munthu amadzikoka yekha kuchoka pa mpikisano, ngati mmene Joyce Banda anachitira mu Marichi 2019 pamene analengeza kuti saimanso ndipo athandiza Lazarus Chakwera, kapena Joe Biden pa 21 Julaye 2024. Kampani imakoka katundu wake pamsika akapezeka woopsa. Anzathu a ku Malamulo amaphunzira za mankhwala a thalidomide, amene anachotsedwa pamsika mu 1961 zitadziwika kuti amayi oyembekezera amene ankawamwa ankabereka ana opunduka manja ndi miyendo. Anzathu omwewo akamati withdrawal amathanso kutanthauza kunjenjemera, mutu ndi kusowa tulo kumene kumagwira munthu amene wasiya mwadzidzidzi mowa kapena fodya amene thupi lake linazolowera. Palinso tanthauzo lina la m'maphunziro a kulera, limene ndiwasiyira iwowo kuti akufotokozereni.

Taonani kuchuluka kwa aneni a Chichewa amene ndagwiritsa ntchito m'ndime imodziyi: kutapa, kuchotsa, kubweza, kuchoka, kusiya, kupatuka. Titafuna tikhoza kuwonjezera kubweza moto, kudzipatula, kubindikira, kutseketsa mlandu. Chingerezi chanyamula katundu yense uyu pa liwu limodzi. Ife timamva kawirikawiri kuti Chichewa ndi chosauka mawu, koma pano wosauka ndi winayo, ndipo mwana amene wauzidwa kuti withdraw ndi kutapa ndalama wapatsidwa gawo limodzi mwa magawo khumi n'kuuzidwa kuti walandira zonse.

Koma chimene chinakwezetsa amalume minibasi sichinali kuchuluka kwa matanthauzo kokha ayi. Chinali galamala, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Mneniyu amasintha mosatsata lamulo: withdraw, withdrew, withdrawn. Ana ambiri amalemba withdrawed, ndipo dzina lake la withdrawal ambiri timalidya chilembo, n'kulemba withdrawl. Zimenezo ndi zazing'ono, cholembera chofiira chimakonza. Chachikulu n'chakuti mneniyu amatha kukhala woyambukira, amathanso kukhala wosayambukira. Ukhoza kukoka chinthu china, ukhozanso kudzikoka wekha popanda kutchula pamtherankhani. Tsono taonani ziganizo zitatu izi. "She has withdrawn" ndiye kuti wachoka yekha, mwa kufuna kwake. "She has been withdrawn" ndiye kuti ena amuchotsa. "She is withdrawn", pamene mphunzitsi akufotokoza khalidwe la mwana, ndiye kuti palibe amene wachoka kapena kuchotsedwa: apa withdrawn wasanduka mfotokozi, ndipo akunena za mwana amene wadzitsekera mumtima, amene amangokhala duu pakati pa anzake. Miyoyo itatu yosiyana kotheratu, ndipo kusiyana konse kwagona pa timawu tating'ono, has, been ndi is, timene wowerenga wothamanga amatidumpha. Aphunzitsi anga sanalembe n'komwe timawuti. Anangoti "bright but withdrawn", basi, n'kusiyira amalume kuti alote okha.

Chichewa sichilola chisokonezo chotere. Wachoka ndi wachotsedwa ndi mawu awiri amene ngakhale mwana wa Sitandade 1 sangawasokoneze. Msintho wochitidwa uja tinkauloweza pokonzekera JCE umamveka ndi khutu: -edwa, -idwa. Ukangoumva umadziwa kuti pali dzanja la wina. Ndiye n'chifukwa chiyani pophunzitsa passive voice timayamba ndi ziganizo za mphaka wodya khoswe ndi mpira womenyedwa ndi John, osayamba ndi zimene mwana akuzidziwa kale m'chiyankhulo chake? Ndikudziwa yankho lake. Lamulo la zamaphunziro la 2013 limati chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu zathu ndi Chingerezi, ndipo pa sukulu ngati imene ndinaphunzira ine, ukagwidwa ukuyankhula Chichewa m'kalasi unkakatchetcha. Sindikutsutsa kuti ana azizolowera Chingerezi. Popanda kukhoza Chingerezi palibe satifiketi ya MSCE, ndipo popanda kirediti ya Chingerezi khomo la yunivesite silitseguka. Koma mphindi imodzi yonena kuti "has withdrawn ndi wachoka, has been withdrawn ndi wachotsedwa" siipha Chingerezi cha mwana. Imachilimbitsa, chifukwa yachimanga pa maziko amene alipo kale. Aphunzitsi ambiri amachita kale zimenezi mobisa, chitseko atatseka, ngati akuba. Ine ndikuti tizichita poyera, ndipo tizilemba m'mapulani athu a phunziro.

Pali chifukwa china chimene liwuli liyenera kuphunzitsidwa mosamala. Maofesi amalikonda chifukwa ndi laulemu, ndipo ulemu wakewo nthawi zina umabisa amene wakankha mnzake. Akuluakulu a asilikali sakonda kunena kuti tathawa kapena tagonja. Amasankha withdrawal, liwu lomveka ngati zonse zinali m'dongosolo. Mu Marichi 1961, pa msonkhano wa atsogoleri a mayiko a Commonwealth ku London, nduna yaikulu ya South Africa, Hendrik Verwoerd, anabweza pempho loti dziko lake likhalebe m'bungwelo litasanduka ripabuliki. M'mabuku timawerenga kuti South Africa inachita withdraw. Zoona zake n'zakuti mayiko ena anali atatsutsa kwambiri tsankho la apartheid, ndipo Verwoerd anaona kuti pempholo silidutsa. Zimbabwe nayo inachoka mu Commonwealth mu Disembala 2003, koma inali itaimitsidwa kale kuyambira 2002. Wophunzira wa History amene angomasulira kuti "anachoka" wamva theka la nkhani. Ayenera kudziwa kuti liwuli limagwiranso ntchito pamene munthu watuluka yekha pakhomo chifukwa waona kuti ndodo yatengedwa kale.

Zomwezi zimachitika m'sukulu. Kalata yonena kuti kholo likupemphedwa kuchita withdraw mwana wake imaoneka ngati pempho, koma kholo lililonse lodziwa zinthu limamva kuti mwanayo wathamangitsidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mabuku a sukulu simulembedwa kuti anachotsedwa. Nthawi zina zimenezi zimathandiza mwanayo kupeza malo kwina popanda chipsera, ndipo pamenepo ndi chifundo ndithu. Nthawi zina zimathandiza sukuluyo kusamba m'manja popanda kumva mbali ya mwana. Mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha mimba, kapena chifukwa fizi yasowa, kaundula amangoti withdrew, ngati anadzuka m'mawa wina n'kusankha yekha kukhala pakhomo. Chikhalirecho dziko lino lakhala ndi ndondomeko yolola atsikana otere kubwerera kusukulu akabereka kuyambira 1993. Ngati kholo lamva kuti liwu la pakalata likutanthauza kuti zatha, silidzabweranso kudzafunsa za malo a mwanayo, ndipo ndondomeko yabwinoyo idzangokhala mu dirowa ya a hedi.

Ifenso pano pakoleji tisadzione ngati tinadutsa. Ndi angati mwa ife amene angafotokoze, osayang'ana pafoni, kusiyana kwa withdraw, defer ndi drop? Nanga withdrawn ndi withheld? Ndinaonapo mnzanga akulira chifukwa cha uthenga wonena kuti zotsatira zake zili withheld. Iye anamva ngati wachotsedwa, pamene nkhani inali yoti zotsatirazo azigwira kaye mpaka amalize ngongole ya fizi. Kugwiridwa zotsatira n'kowawa, koma si kuchotsedwa. Ndipo munthu amene fizi yamuthera pakati pa chaka, n'kupita ku ofesi kukapempha kuti apume kaye, ayenera kudziwa kuti defer ndi kuimitsa kaye malo ako akusungidwa, pamene withdraw ikhoza kutanthauza kutula malowo. Malamulo amasiyana koleji ndi koleji, n'chifukwa chake kabuku ka malamulo kaja tinalandira tikubwera, kamene ambiri tinaikira pansi pa matiresi, n'kofunika kukawerenga tisanasaine fomu iliyonse. Ukakayika, funsa wa mu ofesiyo m'Chichewa kuti: kodi ndikasaina apa, malo anga akhalapobe? Palibe amene adzakuchotsere malikisi chifukwa cha funso limenelo.

Mnzanga wina wa m'kalasi, nditamuuza maganizo amenewa, ananditsutsa, ndipo mfundo zake si zopepuka. Anati kalasi ya ana 80 kapena kuposa, mabuku asanu, silabasi yaitali, MANEB ikudikira: ndani ali ndi nthawi yofukula mbiri ya liwu lililonse? Anatinso mwana amaphunzira matanthauzo ena yekha akamawerenga, monga tinachitira ife. Pa mfundo yoyambayo ndikuvomereza theka. Si liwu lililonse limene lifunika mphindi khumi. Mawu ngati table kapena goat alibe nkhani. Koma pali kagulu ka aneni amene amapezeka pa mafomu, m'makalata a boma, ku banki, kuchipatala ndi kukhoti, amene munthu akawamva molakwa amataya ndalama, malo kapena mlandu: withdraw, suspend, dismiss, discharge, refer, submit, appeal. Amenewa sakwana ngakhale makumi atatu. Teremu imodzi ikhoza kuwamaliza, limodzi limodzi, kumayambiriro kwa phunziro. Ndipo mayeso omwewo amene tikuwaopawo amafunsa tanthauzo la liwu monga lagwiritsidwira ntchito m'ndime, osati monga linalembedwera mu notsi. Mwana woloweza tanthauzo limodzi ndi amene amagwa pa funso lotere.

Mfundo yachiwiriyo ndiyo ndikuikana. Ife tinaphunzira matanthauzo ena tokha chifukwa tinali pa sukulu zokhala ndi laibulale, magetsi ndi nthawi ya pulepu. Mwana wa ku CDSS amene amayenda mtunda wautali, n'kufika kunyumba kukatunga madzi, awerenga chiyani, nthawi yanji? Dikishonale ya Oxford Advanced Learner's, imene A. S. Hornby anaiyamba poganizira anthu ophunzira Chingerezi ngati chiyankhulo chachilendo, imandandalika matanthauzo a liwu ndi manambala, lililonse ndi chitsanzo chake. Ndi buku labwino zedi, koma m'sukulu zambiri likakhalapo limakhala limodzi, ndipo limakhala mu ofesi. Ngakhale pamene lilipo, palibe amene anatiphunzitsa kuti tiziwerenga kupitirira nambala 1. Ine ndinafika Fomu 4 ndikutseka dikishonale ndikangoona tanthauzo loyamba. Ngati mphunzitsi sanena kuti liwu ili lili ndi nkhope zina, kwa ana ambiri palibenso wina amene adzanene.

Tsopano ndibwerere ku lipoti lija, chifukwa pali mbali imene sindinanene. Aphunzitsi anga sananame. Ndinalidi withdrawn. Bambo anga anamwalira mu teremu yoyamba ya chaka chimenecho. Ndinapita kumaliro, ndinabwerera kusukulu patatha sabata imodzi, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kwaya, ndinasiya netibolo, ndinkadya ndekha kumapeto kwa benchi. Magiredi sanatsike, chifukwa mabuku ndiwo anali kobisala kwanga. Aphunzitsi ena onse ankandiyamikira kuti ndine mwana wofatsa. Mmodzi yekhayu ndiye anaona kuti kufatsa kumeneku sikunali kwabwino, ndipo pa chimenecho ndimawathokoza mpaka lero.

Apa Chingerezi chili ndi liwu limene ife timalisowa, kapena tinene kuti tili nalo koma chikhalidwe chathu chimaliphimba. Kwathu mwana wosalankhula ndi mwana wabwino. Timati ndi wofatsa, waulemu, wosavuta, woleredwa bwino. M'kalasi yodzaza, mphunzitsi amadziwa mayina a ana anzeru ndi a ana ovuta. Wachete amatha chaka chonse osaitanidwa dzina. Koma kufatsa ndi kudzitsekera ndi zinthu ziwiri. Mwana wofatsa amaseka anzake akaseka, ali ndi mnzake mmodzi kapena awiri, ukamufunsa amayankha. Mwana amene Angerezi akumutcha withdrawn ndi amene wakokera m'mbuyo: kale ankachita nawo zinthu, pano wasiya. Phata la liwu lija likuthandizanso pano, chifukwa likutiuza kuti panali pamalo pamene mwanayu anali, ndipo wachokapo. Funso la mphunzitsi liyenera kukhala lakuti wachoka liti, ndipo chamukoka n'chiyani. Mwina ndi maliro, mwina njala, mwina akuzunzidwa ku hositelo kapena kunyumba, mwina pali wamkulu wina amene akumuchita zosayenera. M'maphunziro athu a saikoloje timauzidwa kuti kusintha kotere ndi chizindikiro choyenera kuchitsatira.

Sindikunena kuti aliyense wokhala payekha ali pamavuto. Mabaibulo ambiri a Chingerezi amagwiritsa ntchito mneni yemweyu pa Luka 5:16, pofotokoza mmene Yesu ankasiyira makamu a anthu n'kupita kwa yekha kukapemphera. Kupatuka kotero ndi kwa munthu amene akudziwa chimene akuchita, ndipo akamaliza amabwerera kwa anthu. Kwanga kunalibe tsiku lobwerera. Mphunzitsi sangasiyanitse ziwirizi poyang'ana chabe; ayenera kufunsa.

Ndipo pamenepa ndi pamene ndimawadandaula aphunzitsi anga aja, ngakhale ndimawakonda. Anaona bwino, anapeza liwu lolondola, kenaka analiika mu envelopu n'kumata. Sanandiitane. Sanaganizire kuti envelopuyo ikatsegulidwa ndi ndani. Analemba ngati akulembera mphunzitsi mnzawo, pamene ankalembera mayi wamasiye amene sanapitirire Sitandade 4. Liwu lolondola likapita kwa munthu amene sangalimve, phindu lake n'chiyani? Lipoti si mayeso a Chingerezi a kholo. Palibe lamulo limene ndikulidziwa loletsa mphunzitsi kuwonjezera mzere umodzi m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao pansi pa ndemanga yake. Akanalemba kuti "Mwanayu akukhoza bwino, koma chimwalirireni bambo ake sakucheza ndi anzake, chonde mulankhule naye", amayi akanawerenga okha, amalume sakanakwera minibasi, ndipo funso la kuseri kwa nkhokwe lija silikanafunsidwa. Funso limenelo linandipweteka kuposa kusowa shuga. Linanditengera nthawi kuti ndiwakhululukire amayi, ngakhale kulakwa sikunali kwawo.

Ena adzati kulemba Chichewa pa lipoti kukutsitsa ulemu wa sukulu, makamaka sukulu za mishoni zimene zimadziwika ndi Chingerezi chabwino. Makolo ena amene amalipira fizi yambiri amafunadi kuona Chingerezi, ndipo sindikuti tichichotse. Ndikuti tilembe zonse ziwiri pamene nkhani ili yokhudza moyo wa mwana: kuchotsedwa, kuimitsidwa, ngongole, matenda, khalidwe. Zipatala zimachita kale zimenezi pa zikwangwani zawo, mabanki ndi makampani a mafoni nawonso amalengeza m'Chichewa akafuna ndalama zathu. Sukulu yokha ndiyo imaumirira kulankhula ndi kholo m'chiyankhulo chimene kholo silimva, kenaka pa msonkhano wa PTA n'kumadandaula kuti makolo sakutengapo mbali.

Chodabwitsa n'chakuti ulendo wa amalume uja, ngakhale unali wolakwika, ndi umene unandithandiza. A hedi atawafotokozera tanthauzo la liwulo, amalume anawauza za maliro, zimene a hediwo anali ataiwala kapena sanazimve n'komwe. Titatsegulira teremu yachitatu, a metironi anandiitana kunyumba kwawo Lachisanu lina madzulo, Sabata litangolowa. Anandipatsa tiyi wa mandimu ndi mbatata, ndipo sanandifunse chilichonse kwa nthawi yaitali. Kenaka anati: "Mwanawe, bambo ako ankakonda nyimbo yanji?" Ndinalira mpaka belu la mapemphero linalira, ndipo iwo anandisiya ndilire. Sabata lotsatira anandiperekeza okha ku kwaya n'kuuza wotsogolera kuti alto wake wabwera.

Ana anga a pakhonde aja ndinawapatsa ntchito yomaliza holide isanathe. Ndinawalembera ziganizo zisanu ndi chimodzi, chilichonse chili ndi withdraw, withdrew kapena withdrawn, n'kuwauza kuti azimasulire m'Chichewa popanda kubwereza mneni. Asanu ndi awiri anakhoza zonse. Mnyamata wa asilikali othyola banki uja analakwitsa chimodzi, cha phungu wobweza mawu, koma pa chiganizo cha mwana wodzitsekera analemba kuti "mtsikanayu wangoti ndwii chibwerereni ku holide", ndipo ndinamupatsa malikisi onse. Amalume anali pampando wawo wa ndalema chapomwepo, akumvetsera ngati sakumvetsera. Ana atapita anandipempha pepalalo, anavala magalasi, n'kuliwerenga lonse mpaka pansi.